Asungwana amene ankavina pafupi ndi moto ku Paris

Adzukulu anga, gule uja wa ballet mumamuona pa kanema, wa asungwana oima pansonga za zala zakumapazi, ndi wakale kwambiri. Anayambira m'nyumba za mafumu a ku Italy n'kukakulira ku France, ndipo ovina ake oyamba anali mafumuwo ndi nduna zawo. Mfumu Louis XIV mwini wake anavina mu 1653 ali ndi zaka 14, atavala ngati dzuwa, ndipo mu 1661 anakhazikitsa Académie Royale de Danse kuti ballet ikhale ndi malamulo ake. Pa siteji ya anthu olipira pakhomo, mbali za akazi ankavina ndi amuna mpaka mu 1681.

Koma nthawi imene ndikufuna muimvetse ndi ya m'ma 1800, nyumba ya Opéra ya ku Paris ili mumsewu wa Le Peletier. Mu 1832 Marie Taglioni anavina La Sylphide, gule amene anamukonzera bambo ake, Filippo. Anatulukira atavala siketi yoyera ya nsalu zopyapyala zosanjikiza, yolekeza m'katumba, akuyenda ngati sakuponda pansi. Nsapato zake zinali zofewa, zongosokerera ulusi kutsogolo kuti zilimbeko. Chomunyamula chinali mphamvu ya akakolo, imene bambo akewo anaikulitsa pomuphunzitsa maola 6 tsiku lililonse. Paris yonse inatengeka, ndipo pofika mu 1841, pamene Carlotta Grisi ankavina Giselle, siteji inali itadzaza asungwana ovala zoyera mbee.

Odzaonerera nawo ankatchena zosati masewera. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu madzulo, ngolo za mahatchi zinkandandalika pakhomo. Abambo ankatsika atavala jekete lakuda la michira iwiri kumbuyo, shati yoyera yolimbitsidwa ndi sitachi, magolovesi ndi chipewa chachitali. Chipewacho chinkasowa pochiika munthu akakhala pansi, mpaka Antoine Gibus anapanga china chokhala ndi masipuling'i m'kati, choti ukachikanikiza chimaphwatalala n'kuchipanira m'khwapa. Amayi ankabwera mapewa ali pamtunda, chiuno chitamangidwa ndi chovala cha m'kati cholimbitsidwa ndi mafupa a namgumi, chothina moti kupuma kunali kwa pang'onopang'ono. Cha m'ma 1850 ndi 1860 masiketi ankawafufumitsa ndi mikombero yachitsulo ngati dengu lalikulu lovundikira, ndipo kudutsa nawo pakakhomo kakang'ono inali ntchito. Olemera zedi ankasoketsa kwa Charles Frederick Worth, Mngelezi amene ankavekanso Mfumukazi Eugénie. Dzanja lina chokupizira mphepo, lina timagalasi toonera patali.

Timagalasito nthawi zambiri tinkaloza anthu anzawo, chifukwa nyali za m'holo sizinkazimitsidwa gule ali m'kati. Mabanja achuma ankachita lendi tizipinda tam'mbali mwa holo kwa chaka chathunthu, n'kumayenderana m'menemo, kucheza, kuona amene wabwera ndi ndani ndiponso amene wavala mikanda ya ndalama zingati. Ngakhale kuomba m'manja kunali kogula. Panali gulu la anthu okhala pansi pa nyali yaikulu yapakati, mtsogoleri wawo Auguste Levasseur, ndipo ntchito yawo inali kuyambitsa m'manja pamalo amene agwirizana.

Amphamvu kuposa onse anali abambo a Jockey Club. Iwowa ankayamba adya mgonero mwachifatse n'kumafika mochedwa, ndiye ankafuna kuti ballet izikhala chapakati pa sewero kuti aipeze. Mu 1861 Richard Wagner anaika gule kumayambiriro kwa Tannhäuser. Abambo aja anabwera ndi mawenzulo n'kusokoneza mpaka oimba osamveka, ndipo sewerolo linachotsedwa litangoonetsedwa katatu.

Chimene ankalimbira gule chonchi chimandiwawa pochinena. Kuyambira m'masiku a Louis Véron, amene anayamba kuyendetsa Opéra mu 1831, abambo olipira mipando ya chaka chonse ankaloledwa kulowa kuseri kwa siteji, m'chipinda chimene ovina ankawongoleramo miyendo. Ambiri mwa asungwanawo anali ana a amphawi, olowa sukulu ya gule asanathe n'komwe msinkhu, ndipo anthu ankawatcha timakoswe. Malipiro anali ochepa, kunyumba akudikira chakudya, apa pali bambo wa chipewa chachitali amene angathe kulipira lendi. Mwana wotereyo akanakana bwanji? Edgar Degas anawajambula kambirimbiri, ndipo mukayang'anitsitsa zithunzi zakezo mupeza bambo wovala zakuda ataima pambali pa nsalu yotchinga. Chiboliboli chake cha kamtsikana ka zaka 14, chimene anaonetsa mu 1881, ndi Marie van Goethem, mwana wa mayi wochapa zovala.

Ndiye panali moto. Kuyambira mu 1822 Opéra inkaunikira ndi gasi, malawi enieni atandandalikidwa kutsogolo kwa siteji ndi m'mbali mwake, pamene asungwana ankadutsa ndi masiketi opepuka aja. Ku London, Clara Webster anapsa motero mu 1844 n'kumwalira. Mu 1859 boma la France linalamula kuti zovala za pa siteji zizinyikidwa m'mankhwala oletsa moto, koma mankhwalawo ankaumitsa nsalu n'kuichititsa kuoneka yakuda, osawuluka bwino munthu akadumpha.

Emma Livry anakana kuvala nsalu zotero, ndipo analemba kalata yoti chilichonse chimene chingamuonekere chikhale pamutu pake. Musafulumire kumuweruza. Anali atavina La Sylphide mu 1858 ali ndi zaka 16, ndipo Taglioni mwini wake, ataona mwanayo, anamutenga n'kumukonzera gule wa Le Papillon mu 1860, nyimbo zake za Jacques Offenbach. Mbiri yake yonse inali kupepuka, ndipo anthu a magalasi aja ankalipirira kupepukako. Pa 15 November 1862, akukonzekera sewero la La Muette de Portici, siketi yake inakhudza lawi la gasi. Moto unamukuta nthawi yomweyo, iye n'kumathamanga pa siteji, mpaka wozimitsa moto wina anamugwira n'kumukulunga m'bulangete. Chovala chothina cha m'chiuno chija chinali chitamatirira pathupi. Anagona ndi zilondazo miyezi 8, ndipo anamwalira mu July 1863 ali ndi zaka 20 zokha.

Nyumba ya ku Le Peletier nayo inapsa mu 1873. Yatsopano, yomangidwa ndi Charles Garnier, inatsegulidwa pa 5 January 1875, ndipo mmisiriyo ankawadziwa bwino anthu ake: anawamangira masitepe aakulu a mwala wa mabo, okhala ndi makhonde m'mbali oti ena aziima n'kumaonerera madiresi akukwera. Chipinda cha kuseri chija anachimanganso, chokongoletsedwa ndi golide. Magetsi analowa m'malo mwa gasi m'zaka za m'ma 1880, koma abambo aja anapitirizabe kulowa kuseri kwa zaka zina zambiri. Anawatsekera chitseko ndi akuluakulu a Opéra, Jacques Rouché ndi Serge Lifar, m'zaka za m'ma 1930, ndipo ndi nthawi yomweyonso pamene analamula kuti gule akayamba, nyali yaikulu ya m'holo izizimitsidwa.