Kuyamba ndi Mtengambali Mmodzi: Mbiri ya Street Fighter ndi Funso la Wophunzira Wanga



Sabata yatha ndinalandira uthenga kuchokera kwa mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa History zaka zingapo zapitazo. Pano ndi bambo wapantchito, ndipo madzulo akaweruka amasewera Street Fighter 6 pa intaneti. Dandaulo lake ndi lakuti akungoluza. Akuti pa miyezi iwiri wasintha atengambali 6, ndipo aliyense wamukhumudwitsa. Ndiye anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, wamphamvu kuposa onse ndi uti kuti ndingotenga ameneyo?" Ndinaseka ndekha, chifukwa ndi yemweyu amene ali Fomu 4 ankandilondola mpaka ku staff room kuti ndimuuze mitu imene ibwere pa mayeso, iye angowerenga yomweyo basi.

Magemu omenyana ndimawakonda ngakhale zala zinayamba kuuma. Koma ntchito yanga ndi ya mbiri, choncho ndimuyankha ndi mbiri. Mawu akuti mtengambali ndabwereka kwa anzathu ophunzitsa Chichewa. Pano ndikutanthauza munthu wa m'gemu amene wosewera amamusankha kuti amenye naye.

Nthawi imene kunalibe chosankha

Gemu yoyamba ya Street Fighter inatuluka mu 1987 ku Japan, yopangidwa ndi kampani ya Capcom. Anaitsogolera ndi Takashi Nishiyama ndi Hiroshi Matsumoto. Inali ya pa makina akuluakulu oponyamo ndalama yachitsulo, aja ankapezeka m'nyumba zosewereramo magemu. M'gemu imeneyo funso la wophunzira wanga likanakhala lopanda ntchito. Woyamba kusewera ankapatsidwa Ryu, wachiwiri ankapatsidwa Ken, ndipo awiriwa ankamenya mofanana ndendende. Kusiyana kwawo kunali zovala ndi tsitsi. Anali ndi zida zitatu zapadera: chimoto choponya ndi manja chotchedwa Hadoken, nkhonya yokwera m'mwamba yotchedwa Shoryuken, ndi theche lozungulira. Kuzitulutsa kunali kovuta kwambiri moti ambiri ankangozipeza mwangozi akupukusa kandodo kowongolera.

Zinthu zinasintha mu 1991 pamene Street Fighter II inatuluka, mmisiri wake wamkulu ali Akira Nishitani ndipo wojambula wake ali Akira Yasuda. Tsopano munthu akaponya ndalama ankaona nkhope 8 zikumuyang'ana: Ryu ndi E. Honda a ku Japan, Ken ndi Guile a ku America, Chun-Li wa ku China, Dhalsim wa ku India, Blanka wa ku Brazil ndi Zangief wa ku Soviet Union. Mabatani anali 6, atatu a nkhonya, atatu a mateche. Chofunika kwambiri n'chakuti atengambaliwa sankasiyana nkhope zokha, aliyense ankafuna kaganizidwe kake. Dhalsim amatambasula manja ndi miyendo, ndiye amapambana pamene mdani ali kutali. Zangief ndi wolemera ndi wochedwa, ntchito yake ndi kupirira nkhonya mpaka afike pafupi n'kumugwira munthu, ndipo chida chake chachikulu chimafuna kuzungulitsa kandodo ulendo wathunthu. Guile amafuna kudekha: umagwira kandodo chammbuyo pafupifupi masekondi awiri, kenaka n'kukankhira kutsogolo ndi nkhonya kuti Sonic Boom ituluke. Apa ndi pamene vuto losankha linabadwira. Mu 1992 Champion Edition inawonjezera mabwana anayi aja, Balrog, Vega, Sagat ndi M. Bison, ndipo inalola anthu awiri kusankha mtengambali yemweyo.

Mu gemu yomweyi munabadwiranso kombo, kutanthauza nkhonya zotsatizana zimene mdani sangathe kuzitchinga yoyamba ikangomupeza. Opanga ankangofuna kufewetsa katulutsidwe ka zida zapadera, koma zotsatira zake zinali zakuti munthu ankatha kudula nkhonya wamba pakati n'kulumikiza ndi Hadoken. Osewera atazitulukira, kombo inakhala gawo la magemu onse omenyana mpaka lero.

Sukulu yolipira ndalama yachitsulo

Tiyeni tione mmene munthu ankayambira masiku amenewo. Lamulo la pa makina linali limodzi: wopambana akhalapo, woluza achoke. Ku America munthu ankaika kota yake pa makina posonyeza kuti ali pamzere. Ku Japan kunafala makina awiri oikidwa motsamirana misana, moti mdani wako sunkamuona nkhope. Woyamba kumene ankaponya ndalama, kumenyedwa kwa mphindi imodzi, n'kubwerera kumapeto kwa mzere. Malo oyesererapo wekha kunalibe. Buku lake linali kuimirira kumbuyo kwa akatswiri n'kumayang'ana manja awo.

Sukulu yodula chonchi inkaphunzitsa nzeru imodzi mwachangu. Ngati ndalama zako zikukwana masewero asanu patsiku, sungazimwaze pa atengambali asanu. Umasankha mmodzi, ndipo kuluza kulikonse kumakuuza kanthu za iyeyo. Ambiri ankayamba ndi Ryu kapena Ken chifukwa awiriwa amaphunzitsa maziko a gemu yonse. Ukaponya Hadoken, mdani amakakamizika kutchinga kapena kudumpha. Akadumpha, umamulandira ndi Shoryuken. Akaopa kudumpha n'kumangotchinga, umayandikira n'kumugwira kumuponya pansi. Amene wamvetsa zitatu izi wamvetsa mtunda, nthawi ndi kuwerenga maganizo a mnzake.

Gemuyi itafika m'nyumba pa Super Nintendo mu 1992, makope ake anagulidwa oposa 6 miliyoni, ndipo kwa nthawi yoyamba anthu ambiri anatha kuyeserera osalipira pa sewero lililonse. Ku Japan magazini ya Gamest, imene inkatuluka kuyambira 1986 mpaka 1999, inkasindikiza njira zomenyera. Kumeneko kunazika mizu chizolowezi choyerekeza atengambali awiriawiri pa masewero 10. Akalemba 5-5 ndiye kuti ndi ofanana mphamvu, akalemba 7-3 ndiye kuti mmodzi ali pamavuto. Kuphatikiza manambala amenewa kumatulutsa mndandanda wa amphamvu ndi ofooka, umene wophunzira wanga akuufuna.

Sindikunena kuti mndandandawo ndi wabodza. Mu Super Street Fighter II Turbo ya 1994 munali mtengambali wobisika, Akuma, wamphamvu mopyola muyeso moti mipikisano ya ku America inamuletsa. Mu Street Fighter III: 3rd Strike ya 1999, Chun-Li, Yun ndi Ken ndi amene ankadzaza malo apamwamba chaka ndi chaka. Koma manambala aja amanena za akatswiri awiri amene aliyense akumudziwa mtengambali wake mpaka kumchira. Sanena chilichonse za munthu amene sanaphunzire kutchinga.

Zimene zinachitika ku Pomona

Mu 1996 anyamata ena ku California anayambitsa mpikisano wotchedwa Battle by the Bay mumzinda wa Sunnyvale. Ena mwa iwo anali Tom Cannon ndi m'bale wake Tony Cannon. Mu 2002 mpikisanowu unasintha dzina kukhala Evolution, kapena Evo mwachidule, ndipo unakula kukhala wotchuka kuposa yonse ya magemu omenyana.

Pa Evo ya 2004, imene inachitikira pa yunivesite ina ku Pomona, Daigo Umehara wa ku Japan anakumana ndi Justin Wong wa ku America mu 3rd Strike. Daigo anali ndi Ken, Justin anali ndi Chun-Li. Mzere wa moyo wa Ken unatsala kadontho. Justin anatulutsa chida chachikulu cha Chun-Li, mateche 15 otsatizana. Kutchinga wamba sikukanathandiza, chifukwa chida chapadera chimadyabe moyo pang'ono ngakhale watchinga. Njira inali imodzi yokha, imene gemuyi imaitcha parry: kugunda kandodo chakutsogolo pa nthawi yeniyeni imene theche likufika. Ukachedwa kapena kufulumira pang'ono, wafa. Daigo anabweza mateche onse 15, lomaliza analibweza ali m'malere atadumpha, kenaka anatera ndi kombo yake n'kupambana. Anthu m'holomo anakuwa ngati chalowa chigoli.

Ambiri amakumbukira zimenezo, koma amaiwala kuti Daigo sanatenge chikho cha 3rd Strike chaka chimenecho. Anagonja mu fainolo kwa mnzake wa ku Japan wodziwika kuti KO, amene ankasewera Yun. Ine ngati mphunzitsi chimene chimandigwira mtima ndi china. Kuti munthu abweze mateche 15 anthu akukuwa, ndiye kuti kugunda kwa mateche amenewo kunalowa kale m'zala zake, ndipo kombo yomalizira ankaidziwa osaganizira. Zotere sizichokera pa mndandanda. Daigo anabadwa mu 1981 ndipo anayamba kupita ku makina a ku Tokyo ali mwana wa pulaimale. Pofika 1998 anali atagonjetsa kale Alex Valle, katswiri wa ku America, mu Street Fighter Alpha 3. Pambuyo pake anatenga Evo ya 2009 ndi ya 2010 mu Street Fighter IV ndi Ryu, mtengambali yemwe uja amene oyamba kumene amapatsidwa.

Amene anakana kuthamangira amphamvu

Zitsanzo zitatu izi ndimazikonda. Mu 2013 Xian wa ku Singapore anapambana Evo ndi Gen, nkhalamba yokhala ndi mitundu iwiri ya kamenyedwe imene umasintha pakati pa nkhondo, ndipo ambiri ankaithawa chifukwa chovuta. Mu 2014 Luffy wa ku France anapambana ndi Rose, amene ochepa ankamuwerengera, ndipo ankagwiritsa ntchito padi yakale ya PlayStation yoyamba pamene anzake ambiri anali ndi zida zodula. Mu 2018 ku Amsterdam, Rangchu wa ku South Korea anatenga chikho cha Tekken World Tour mu Tekken 7 ndi Panda, chimbalangondo chimene ankachiika pansi penipeni pa mndandanda. Atatu onsewa ankamudziwa mtengambali wawo kuposa mmene adani awo ankadziwira kulimbana naye.

Palinso Arslan Ash wa ku Lahore, Pakistan, amene mu 2019 anapambana Evo Japan ndi Evo ya ku Las Vegas mu Tekken 7. Kunja kunali ochepa amene ankadziwa kuti ku Pakistan kuli osewera oopsa. Iye anakulira m'tinyumba tamagemu ta mumzinda wake, akumenyana ndi anthu omwewo tsiku ndi tsiku. Mutu umodzi susenza denga. Munthu amakula msanga akakhala ndi anzake omumenya n'kumuuza pamene walakwitsa.

Yankho langa

Lero kuyamba kunaphweka kwambiri. Street Fighter 6 inatuluka mu 2023 ndi atengambali 18, ndipo ili ndi kawongoleredwe kotchedwa Modern kamene kamatulutsa chida chapadera ndi batani limodzi, ngakhale mphamvu ya chidacho imatsikako. Malo oyesererapo amakuonetsa mafuremu a nkhonya iliyonse. Gemu imayenda pa mafuremu 60 pa sekondi, ndiye ukhoza kuona kuti nkhonya yako imatenga angati kuti ifike, ndiponso ndani ayambe kusuntha mdani akaitchinga. Zimene anthu a mu 1991 ankagula ndi ndalama zachitsulo, lero zili poyera. Ndalamanso zinalowamo: mu 2024 UMA wa ku Taiwan analandira madola 1 miliyoni atapambana Capcom Cup ndi Juri. Koma kuphweka komweku kunabweretsa msampha. Kusintha mtengambali sikudya ndalama, ndiye munthu akaluza katatu amangoti vuto ndi mtengambali.

Ndiye mwana wanga, imva izi. Mapanga awiri avumbwitsa, nanga 6? Sankha mmodzi amene amakusangalatsa ukamamuona, chifukwa uluza naye kambiri ndipo uyenera kukhala ndi chokubwezera tsiku lotsatira. Ngati palibe wakukoka mtima, tenga Ryu. Sabata zoyamba usathamangire makombo aatali a pa YouTube. Dziwa nkhonya ziwiri kapena zitatu zimene zimafika patali, ndi mtunda wake. Dziwa chida chimodzi chogwetsera wodumpha, ndipo uchiyeserere mpaka chizituluka chokha. Phunzira kutchinga, ndi kudzipulumutsa akafuna kukugwira. Khala ndi kombo imodzi yaifupi yolangira mdani akaphonya. Ukaluza, onera sewerolo n'kupeza chinthu chimodzi chimene chinakupha, kenaka ukachikonze. Ukatha miyezi ingapo n'kuona kuti kamenyedwe kake sikakugwirizana ndi mtima wako, sintha. Daigo nayenso anasinthapo, anasewerapo Ken, Ryu, Guile ndi Akuma, koma ulendo uliwonse ankasamuka ndi maziko ake.

Kwa inu aphunzitsi anzanga, ndikudziwa kuti ena mukuti bambo ameneyu wataya nthawi pa zidole. Koma funso la mnyamatayu timalimva teremu iliyonse. Mwana amasiya Physics n'kuthawira ku phunziro lina poganiza kuti kumeneko n'kophweka, kenaka amathawanso. Wina amaloweza mayankho a mapepala akale asanadziwe kulemba ndime imodzi yomveka. Ifenso nthawi zina timawathandiza kuthawa, chifukwa tikufuna manambala abwino kumapeto kwa chaka. Ine ndinazichitapo, ndipo mnyamata ameneyu ndi mmodzi mwa amene ndinawapatsa mitu yoloweza m'malo mowakhazika pansi. Mwina n'chifukwa chake lero akufunsabe funso lomwelo.

Ndamuuza kuti akhale ndi mtengambali mmodzi mpaka teremu ino ithe, ndipo andilembere osati kuchuluka kwa masewero amene wapambana, koma chimene waphunzira pa amene waluza. Akandiyankha ndidzakuuzani.