Msewu wa malole umene unasanduka wa njinga: mbiri ya Leslie Street Spit

 Lero ndi tsiku la mbiri, koma sitipita kutali. Tikhala konkuno ku Toronto, kumapeto kwa Leslie Street, pomwe msewu umadutsa pageti n'kulowa m'nyanja ya Ontario mtunda wa makilomita pafupifupi 5. Pamapu analemba kuti Tommy Thompson Park, koma eni mzinda amangoti Spit. Ndi mtunda wowonda wotulukira m'madzi ngati lilime.

Opalasa njinga amawadziwa bwino malowa. Msewu wake ndi wa phula, wopanda zitunda, ndipo galimoto za anthu wamba siziloledwa. Kupita kukafika pansanja yowunikira sitima yomwe ili kunsonga n'kubwerera, ndi makilomita ngati 10, nyanja uku ndi uku. Kwa ophunzira: timati kupalasa njinga, mawu omwewo a kupalasa bwato, ndipo ena amati kutchova. Ndiye funso lathu nali. Mzinda uno unamanga Gardiner Expressway pakati pa anthu ndi nyanja yawo. Zinatheka bwanji kuti mzinda womwewo ukhale ndi msewu wautali chonchi wopanda galimoto?

Poyamba dziwani kuti mtunda wonsewu kunalibe. Mu 1950 pamalopa panali madzi okhaokha. Mu 1959 anatsegula St. Lawrence Seaway, njira ya m'madzi yomwe inalola sitima zikuluzikulu zochokera ku Atlantic kufika ku nyanja zazikulu za pakati pa Canada ndi America. Mwambo wake unali waukulu, kunabwera Mfumukazi Elizabeth II ndi Pulezidenti Eisenhower. Akuluakulu oyang'anira doko, a Toronto Harbour Commissioners, anaona kuti sitima zichuluka ndipo doko lakale lichepa. Choncho chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 anayamba kuthira dothi ndi zigumu m'nyanja kuti apange khoma lotchinga mafunde, kuseri kwake kudzakhale doko latsopano.

Zothira sizinasowe. Mzinda unali pa kalikiliki wogwetsa nyumba zakale, kukumba maziko a nyumba zosanja ndi kukumba njanji yapansi. Malole ankabwera tsiku ndi tsiku, kukhuthula njerwa, konkire, zitsulo ndi dothi, n'kubwerera kukatenga zina. Msewu womwe tikuusangalalirawu anaukonzera malole amenewo.

Koma sitima zija sizinabwere monga ankayembekezera. Mu 1956 munthu wina wa ku America, Malcom McLean, anali atayamba kale kunyamula katundu m'makontena, ndipo pofika zaka za m'ma 1960 ndi 1970 malonda a panyanja anasinthiratu. Sitima za makontena zinakula moti sizikanakwana m'zipata za Seaway, komanso Seaway imatsekedwa m'miyezi yachisanu chifukwa cha madzi oundana. Katundu anayamba kutsikira ku Montreal ndi ku Halifax, n'kubwera kuno pa njanji ndi pamsewu. Ife a makompyuta zoterezi timazidziwa, eti? Umamanga chinthu zaka zambiri, pomaliza n'kupeza kuti ofuna kuchigwiritsa ntchito anasamuka kalekale. Toronto inatsala ndi khoma lalitali la zigumu lotchinga doko lopanda sitima.

Pamene akuluakulu ankakangana zoti achite nalo chiyani, mbewu zinayamba kumera zokha. Mphepo, madzi ndi mbalame zinabweretsa njere. Mitengo ya cottonwood inamera pakati pa njerwa, udzu ndi maluwa akutchire zinaphimba zitsulo, mbalame za m'nyanja zinayamba kuikira mazira. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 anthu anayamba kuloledwa kulowako masiku ena, ndipo omwe analowa wapansi kapena panjinga anapeza chinthu chomwe mzinda sunkadziwa kuti uli nacho.

Mu 1973 boma la Ontario linapereka ntchito yokonza pulani ya malowa ku bungwe lomwe lero timalitcha Toronto and Region Conservation Authority. Dzina loyamba linali Aquatic Park, ndipo mapulani a nthawi imeneyo anali odzaza zinthu: madoko a maboti a anthu olemera, hotela, bwalo la zisangalalo, malo oimika galimoto. Kunena zoona, pa nthawiyo zimenezi zinkaoneka zanzeru, chifukwa paki ya m'mphepete mwa nyanja inkatanthauza malo omwe umafikako pagalimoto, kutsitsa nyama yowotcha, basi.

Mu 1977 gulu la anthu wamba, okonda mbalame, opalasa njinga ndi oyenda wapansi, linadzikhazikitsa ndi dzina loti Friends of the Spit. Pempho lawo linali lachilendo: malowa asiyidwe momwe alili, aliyense azilowa ulere, galimoto zitsale kunja kwa geti. Apa mpomwe ine nkhaniyi imandigwira mtima. Kupempha boma kuti limange chinthu n'kosavuta kufotokoza, chifukwa pali chithunzi chokongola choonetsa ndiponso pali riboni yodula. Koma kupempha kuti lisamange kanthu, ndiye kuti msonkhano uliwonse uyenera kupambana, pomwe winayo akungofuna kupambana kamodzi. Anthuwa analemba makalata ndi kupita kumisonkhano ya khonsolo kwa zaka zambirimbiri. Sanapambane zonse ayi. Doko la maboti la Outer Harbour Marina linamangidwa ndithu kufupi ndi pomwe Spit imayambira. Koma pulani yomwe boma linavomereza mu 1995 inasiya gawo lalikulu kukhala tchire, ndipo msewu waukulu unakhalabe wopanda galimoto za alendo.

Dzina la Tommy Thompson linabwera mu 1985. Bamboyu anali mkulu woyamba woyang'anira mapaki a Metro Toronto, ndipo amakumbukiridwa ndi zikwangwani zake zopempha anthu kuti aziponda kapinga, pa nthawi yomwe mapaki ambiri ankaletsa. Nsanja ya kunsonga ija inamangidwa mu 1974, ndipo nsongayo anaitcha dzina la Vicki Keith, mayi yemwe mu 1988 anasambira kuwoloka nyanja zazikulu zonse 5.

Tsopano pali mbali ina yomwe sitingaidumphe. Mukatsika panjinga n'kuyang'ana m'mphepete mwa madzi, simuona mchenga. Muona njerwa zomwe mafunde anazisalaza mpaka kukhala ngati miyala ya mumtsinje, zidutswa za matailosi, nthambo zopindika. Ofufuza awiri, Heidy Schopf ndi Jennifer Foster, anasanthula zigumu zimenezi ndipo m'zomwe zinathiridwa m'zaka za m'ma 1960 anapezamo zinthu za m'nyumba, monga zidutswa za makapu ndi mabotolo a mankhwala. Iwo anazilumikiza ndi nthawi yomwe mzinda unkagwetsa madera a anthu osauka, monga Alexandra Park, ponena kuti ukuchotsa nyumba zosayenera. M'madera ngati amenewo munkakhala mabanja ambiri obwera kuchokera kumayiko ena, anthu ofanana ndi makolo athu, kungoti iwo anafika kale. Ndiye pansi pa matayala pali makhitchini a anthu. Ine sindinena kuti musasangalale popalasa. Ndingoti dzina loti tchire lisatipusitse ngati pamalopa panalibe dzanja la munthu.

Nanga lero kuli chiyani? Mitundu ya mbalame yomwe yaonedwa kumeneko imaposa 300, ndipo mu 2000 malowa anaikidwa pa mndandanda wa malo ofunika a mbalame padziko lonse. Kuli ankhandwe a kuno otchedwa coyote, ndipo chakumapeto kwa chilimwe agulugufe a monarch amapumirako paulendo wawo wopita ku Mexico. M'chisanu kumabwera akadzidzi, anthu n'kumathamangirako ndi makamera, zomwe agogo athu akanangopukusa mutu. Kulinso mbalame zakuda zodya nsomba zotchedwa cormorant, zomwe zinayamba kumanga zisa kumeneko cha m'ma 1990 ndipo zinachuluka mpaka zitosi zake kuumitsa mitengo. Amene munafikako ku Mangochi mwina munaona chilumba cha Boadzulu chomwe chinayera ndi zitosi za mbalame za mtundu womwewo. Fungo lake m'chilimwe mudzalimva musanazione.

Kwa ambiri a ife, makolo anakulira komwe njinga ndi chida cha ntchito: kabaza, matumba a makala, wodwala popita kuchipatala, zonse m'mbali mwa M1 malole akudutsa pafupi. N'chifukwa chake ena a iwo mukawauza kuti Loweruka mukupita kukapalasa makilomita 10 osanyamula kanthu, amafunsa kuti kodi mukupita kwa ndani. Spit ndi malo abwino owatengerako, chifukwa mantha a galimoto kulibe, ndipo munthu yemwe anasiya njinga zaka 30 zapitazo angathe kuyambiranso.

Mkangano sunathe. Popeza msewu ndi wowongoka, opalasa a liwiro amautenga ngati bwalo la mpikisano, pomwe malire ake ndi makilomita 20 pa ola, ndipo okonda mbalame ndi makolo a ana aang'ono amadandaula. Komanso dera la Port Lands, lomwe lili pakhomo penipeni pa Spit, likukonzedwa kuti mudzakhale anthu masauzande ambiri. Anthu amenewo akadzafika, funso la mu 1977 lija lidzabweranso patebulo, kaya ndi la malo oimika galimoto, kaya la magetsi a mumsewu, kaya la agalu omwe pano saloledwa.

Ofuna kupitako, njira ya njinga ya Martin Goodman Trail, yomwe inatsegulidwa mu 1984, imakufikitsani pafupi ndi geti, pamphambano ya Leslie Street ndi Unwin Avenue. Loweruka, Lamlungu ndi patchuthi geti limatsegulidwa kuyambira m'mawa, koma mkati mwa sabata alendo amalowa madzulo okha. Tengani madzi akumwa ndi juzi, chifukwa kunsonga kumawomba mphepo ngakhale mu Julayi. Tikumananso m'gawo lotsatira.