Ufulu Wodutsa M'puloti ya Mwini

Uwu ndi ufulu umene lamulo limapatsa munthu kapena bungwe kugwiritsa ntchito kachigawo ka malo omwe si ake. Woyandikana naye nyumba amene puloti yake ilibe potulukira akhoza kukhala ndi njira yodutsa kwa mnzake. ESCOM ili ndi mpata wake pansi pa mawaya a magetsi, nawo mabungwe a madzi monga Lilongwe Water Board ali ndi wawo pamwamba pa mapaipi okwiriridwa.

Ku Malawi, lamulo la Registered Land Act la 1967 limalola kuti ufulu wotere ulembedwe m'kaundula wa malo, ndipo ukalembedwa umatsata nthakayo. Wogula amautengera pamodzi ndi pulotiyo, kaya anauzidwa kaya ayi. Apa ndi pamene ambiri amalirira: njerwa waotcha, maziko a mpanda wakumba, simenti yatha, kenako paipi yaphulika pansi pa khoma. Okonza paipiyo sangachitire mwina koma kugumula, ndipo n'zomveka, chifukwa madziwo ndi a dera lonse.

Misewu nayo ili ndi malo ake. Pamsewu waukulu ngati M1 ndi mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati.

Womanga wosamala amayamba wafufuza ku ofesi ya kaundula ya Unduna wa za Malo, n'kuyerekeza mapu a puloti ndi mabikoni ali pansi, asanakapemphe chilolezo kukhonsolo. Pamalo a makolo zambiri sizinalembedwe, choncho njira yakuchitsime kapena yakumanda amaidziwa ndi amfumu ndi akuluakulu a m'mudzi.