Mlimi wa Mtedza ndi Bokosi la Mavoti

Anthu ambiri amkumbukira Jimmy Carter monga mtsogoleri wa dziko la Amereka, amene analamulira kuyambira 1977 kufikira 1981. Ena a m'Zambia amkumbukira monga mlendo wa imvi uja anadza kudzapenyerera masankho a pa 31 Okutobala, 1991, pamene Frederick Chiluba analowa m'malo mwa Kenneth Kaunda. Koma akuru anati m'mera mpoyamba. Munthu ameneyu asanakhale pa mipando yaikuru, anayamba watha zaka 11 pa mipando iwiri yaing'ono: pa Bungwe la Maphunziro la m'boma la kwao, ndi m'Nyumba ya Malamulo ya ku Georgia. M'zaka zimenezi ndimo munaonekera mphamvu zace ndi kufooka kwace komwe.

Dziko la Amereka ligawika m'maiko ang'onoang'ono 50, ndipo lirilonse liri ndi Bwanamkubwa wace ndi Nyumba yace ya Malamulo. Georgia ndi limodzi la maiko a kumwera, ndipo ligawikanso m'maboma 159. M'boma la Sumter, limene likuru lace ndi Americus, muli kamzinda kochedwa Plains. M'menemo Carter anabadwa pa 1 Okutobala, 1924. Anakulira pa munda wa atate wace ku Archery, kumene mabanja ambiri anali a anthu akuda, zidzukulu za akapolo ocokera ku Afrika. Anasewera ndi ana ao, nawedza nao nsomba m'mitsinje. Koma pofika tsiku la sukulu kapena la Sabata, yense analowera kwace, pakuti lamulo ndi mwambo zinapatula mitundu iwiriyo.

Atatsiriza maphunziro a usilikari wa pamadzi m'caka ca 1946, anakwatira Rosalynn Smith, nagwira nchito m'zombo zoyenda pansi pa nyanja. Koma m'caka ca 1953 atate wace anamwalira. Nkhalambayo inali mlimi ndi mwini sitolo, inakhalapo pa Bungwe la Maphunziro la Sumter, ndipo imfa inaipeza iri phungu wa m'Nyumba ya Malamulo ya ku Georgia. Mwanayo anataya usilikari, ngakhale mkazi wace sanakondwere nazo, nabwerera ku Plains kukaugwira munda ndi malonda a mtedza ndi feteleza.

Anabwerera pa nyengo yoipa. Pa 17 Meyi, 1954, Bwalo Lalikuru la Mirandu la Amereka linagamula kuti kupatula ana m'masukulu cifukwa ca khungu nkusemphana ndi malamulo a dzikolo. Azungu ambiri a kumwera anapsya mtima, napangana kukana ciweruzoco, nakhazika mabungwe a Azungu okhaokha m'mizinda yao. A ku Plains anadza kwa Carter kuti alembetse dzina, ndipo copereka cace cinali madola 5 okha. Iye anakana. Anzace ananena kuti amlipirira ndiwo, koma anakanabe, ndipo anatsala yekha mwa amuna a Cizungu a pamenepo. Ena analeka kugula kwa iye, koma patapita nthawi ambiri anabwerera.

Ca kumapeto kwa 1955 anamuika pa Bungwe la Maphunziro la boma la Sumter. Bungwe lotere ndilo ligawa ndalama za masukulu, lilemba aphunzitsi, ligula mabuku ndi mabasi, ndi kusankha malo omangapo sukulu zatsopano. Onse okhalapo anali Azungu, cinkana ana akuda anali ambiri m'bomamo. Carter mwini anabvomera pambuyo pace cinthu cocititsa manyazi: kuti anakhala pa bungwelo miyezi ingapo asanazindikire kuti ana a Azungu analikupita ku sukulu pa basi, pamene ana akuda analikuyenda pansi. Atayendera masukulu ao anapeza ana ambiri alikuphunzirira m'tinyumba takutha ndi m'nyumba za mapemphero, mabuku ao ali ong'ambika, otayidwa ndi masukulu a Azungu, ndipo anyamata akuruakuru atakhala pa timipando ta ana.

Nanga ataona zimenezi anacitanji? Anathandiza pa nchito ya kumangira ana akuda masukulu abwinopo ndi kuwapezera mabasi. Koma kunena kuti ana a mitundu yonse aphunzire pamodzi, monga Bwalo Lalikuru linalamulira, sananene konse pa zaka zonse anakhala pa bungwelo. Ndipo m'caka ca 1956, makolo ena a Cizungu atadandaula kuti sukulu yatsopano ya ana akuda ikamangidwa pa malo osankhidwawo, ana a mitundu iwiriyo adzayenda mseu umodzi, Carter ndiye anapempha bungwe kuti malowo asinthidwe. Posacedwa analeka maganizowo poona kuti ndalama zidzaonongeka zambiri. Sicinali cilungamo cimene cinawabweza ai, koma mtengo wace wa nchitoyo.

Pofika 1961 anali wapampando wa bungwelo, ndipo analimbikira nzeru ya kuphatikiza masukulu a m'boma ndi a mumzinda wa Americus, kuti m'malo mwa tisukulu tambiri tosowa zipangizo pakhale masukulu owerengeka okwana bwino. Nzeruyi sinanene kanthu za kusanganiza mitundu, koma anthu anaiyesa khomo lolowera kumeneko. Enanso anaopa kutaya sukulu ya pamudzi pao. Mbale wace yemwe, Hugh Carter, anatsogolera otsutsa. Pa cisankho nzeruyo inagonja ndi mavoti owerengeka, koma ku Plains kwao anaikana kotheratu, ndipo ena anakapacika mau amwano pa khomo la nyumba yace ya malonda. Pamenepo Carter anazindikira kuti mphamvu yeniyeni pa za maphunziro iri ku Atlanta, kumene apanga malamulo ndi kugawa ndalama.

Caka ca 1962 cinamtsegulira njira. Kwa zaka zambiri ku Georgia, posankha Bwanamkubwa sanali kuwerenga anthu, koma maboma. Boma la Fulton, la anthu oposa 500,000, linali ndi mau 6; boma la Echols, la anthu osafika 2,000, linali ndi mau 2. Motero mamfumu a ndale a m'maboma ang'onoang'ono ndiwo anagwira dziko m'manja. Caka cimeneco mabwalo a mirandu anathetsa mcitidwewo, nalamulanso kuti nyumba imodzi ya malamulo igawidwe monga mwa kucuruka kwa anthu. Malire a Seneti, ndiyo nyumba yapamwamba, analembedwa mwatsopano, ndipo boma la Sumter linagwera m'cigawo ca 14 pamodzi ndi maboma ena 6. Pa 1 Okutobala, tsiku lakuti wakwanitsa zaka 38, Carter analembetsa dzina lace, kutatsala masiku 15 okha. Wopikisana naye anali wamalonda mnzace, Homer Moore. Masiku amenewo cipani ca Democratic cinalibe mdani weniweni ku Georgia, kotero kuti wopambana pa cisankho ca m'cipanimo ndiye anali mwini mpando.

Laling'ono mwa maboma 7 aja linali Quitman, m'mbali mwa mtsinje wa Chattahoochee. Likuru lace ndi Georgetown, ndipo mfumu ya ndale kumeneko inali Joe Hurst, amene anafuna kuti apambane Moore. Pa 16 Okutobala, bwenzi la Carter lokapenyerera kumeneko linamuimbira lamya kuti adze msanga. Anapeza kuti munalibe malo obisika oponyeramo voti. Anthu analikulemba mapepala ao pa gome, Hurst ali ciriri pambali, kuwauza dzina loti afafanize. Bokosi lace linali katoni yakale ya mowa, yoboola cibowo coti dzanja nkulowa. Madzulo ace kunamveka kuti m'bokosimo mwaturuka mavoti 420, pamene mapepala operekedwa anali 333 okha. Pa mavoti a cigawo conse Moore anaposa Carter ndi 139.

Ambiri anamlangiza kuti aleke, pakuti za ku Quitman zinali zodziwika ndi kale, ndipo anthu anangoziseka. Iye anakana. Pamodzi ndi loya wace, Warren Fortson, anayenda khomo ndi khomo kufuna mboni zolumbira. Anapeza kuti m'ndandanda wa oponya voti munali akufa, andende, ndi ena amene anasamuka kalekale. Ndiponso kuti anthu ambiri anaoneka monga anaponya motsatana ndi malemba oyamba a maina ao, cinthu cosacitika pa mzere wa anthu amoyo. Mlembi wa nyuzi ya Atlanta Journal, John Pennington, anafalitsa zimenezi, ndipo dziko lonse la Georgia linamva. Loya wina wodziwa, Charles Kirbo, ananenera mlanduwo pamaso pa woweruza Carl Crow. Potsegula bokosi lija anapeza ndandanda wa maina utasowa, ndi mapepala ambiri atapindidwa mtolo umodzi. Woweruza anataya mavoti onse a ku Georgetown, ndipo Carter anatsala patsogolo ndi mavoti 65.

Mlandu sunathere pomwepo. Pa cisankho cacikuru ca mu Novembala, Moore anapikisananso naye, ndipo m'maboma ena maina onse awiri anafafanizidwa pa mapepala, kuti woponya voti alembe yekha dzina la munthu amene amfuna. Carter analandira mavoti 3,013, Moore 2,182. Analumbira pa 14 Januwale, 1963. Tsiku lomwelo analumbiranso Leroy Johnson wa ku Atlanta, munthu wakuda woyamba kulowa m'Seneti ya Georgia patapita zaka zoposa 80.

M'Senetimo Carter anachuka ndi khama. Analonjeza kuti sadzabvomera kapena kukana lamulo lirilonse asanaliwerenge lonse. Ndipo popeza malamulo operekedwa anali mazanamazana, anakaphunzira luso la kuwerenga msanga. Anakhala m'komiti ya maphunziro, nathandiza kuti koleji ya Georgia Southwestern ku Americus ikwezedwe, ileke kuphunzitsa zaka 2 zokha, iphunzitse zaka 4. Anatsutsanso mafunso 30 obvuta aja amene akuru a masankho anali kufunsa anthu akuda ndi colinga ca kuwakaniza kulembetsa. Anamsankhanso m'caka ca 1964.

Koma kwao kweni kweni anakhala cete. M'caka ca 1963 anthu akuda a ku Americus anayenda m'miseu kupempha ufulu wao; mazana anamangidwa, ndi ana omwe, ndipo anyamata 4 anawaimba mlandu wa kuukira boma, umene cilango cace cikadatha kukhala imfa. Phungu wa cigawoco sananene kanthu poyera. M'caka ca 1965 Warren Fortson, loya yemwe uja anamthandiza, anasamuka mu Americus atasautsidwa cifukwa ca kupempha kuti mitundu iwiriyo ikhale pansi ndi kukambirana. Komabe caka comweco, pamene mpingo wa Baptist wa ku Plains unapangana kutsekera anthu akuda pakhomo, Carter anaimirira nautsutsa. Obvomera kutsekako anali 54, okana 6 okha, ndipo 5 mwa iwo anali a banja lace.

M'caka ca 1966 anapikisana pa mpando wa Bwanamkubwa, nagonja. Anayesanso mu 1970, ndipo pa ulendo uwu ananyengerera mavoti a Azungu okonda tsankho, napambana. Koma pa tsiku la kulumbira, pa 12 Januwale, 1971, anauza khamu lonse poyera kuti nthawi ya kusankhana mitundu yatha, ndipo ambiri amene anamsankha anadabwa nakwiya. Ali mtsogoleri wa dziko lonse, m'caka ca 1979, anakhazika Unduna wa Maphunziro woima pa wokha. Atacoka pa mpando anayenda m'maiko ambiri kupenyerera masankho, kuti zija za ku Georgetown zisacitikire ena. Analandira mphotho ya mtendere ya Nobel mu 2002, namwalira ku Plains pa 29 Disembala, 2024, ali ndi zaka 100.

Mbiri imeneyi siiri ya munthu wopanda banga ai. Pamene anambera mavoti ace, Carter anamenya nkhondo usana ndi usiku kufikira atalandira cilungamo m'masabata owerengeka. Pamene ana akuda a m'boma lace anamanidwa basi, buku ndi mpando, anapenya zaka 7, nakonzako pang'ono, osalasa muzu wace wa cosalungamaco. Makolo a anawo anali atamanidwa voti kwa mibadwo, ndipo iye analawa kuwawa kwace tsiku limodzi lokha. Akuru anati caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Ulemu wace ngwakuti atalawa sanaiwale, ndipo zaka zace zotsala anazipereka kucinjiriza voti ya anthu ena. Koma ana aja anayenda pansi m'fumbi la ku Sumter anakula nthawi isanafike, ndipo maphunziro amene anawasowa palibe anawabwezera.