Ng'oma Yopanda Chikopa

Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Koma chilipo chakudza china chimene chinafika m'dziko muno chikuimba ng'oma, ndipo ambiri a ife tinangoyamba kuvina osafunsa kuti woimbayo ndani. Ndikunena za makina oimba ng'oma, amene eni ake amawatcha drum machine, pamodzi ndi mng'ono wake wotchedwa sampler. Ine ndakhala kuno ku Chimwankhunda kuyambira masiku a makaseti, ndipo makutu angawa ndi mboni ya momwe tizipangizo timeneti tasinthira maimbidwe athu.

Tisanafike pa makinawo, tikumbutsane kuti ng'oma inali chiyani kwa ife. Mmisiri ankasema mtengo, kukunga chikopa, ndipo tsiku la gule ng'omayo inkawambidwa pamoto kuti ilire bwino. Sinkaimbidwa ndi munthu mmodzi. Pabwalo la gule wamkulu, wa mpanje ndi wa gunda amagwira njira, pomwe wa mbalule amayang'ana mapazi a wovina n'kumayankhulana naye. Ngakhale magulu a m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, monga la Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka kapena Chimvu River Jazz Band ya Allan Namoko, ankadalira manja ndi mapazi a anthu. Wofuna kuti nyimbo yake imveke ankayenera kutenga gulu lonse kupita nalo ku nyumba ya wailesi ya MBC ku Chichiri, ndipo mmodzi akaphonya, onse ankayambiranso.

Pomwe ife tinkawamba zikopa, anzathu kunja ankafunafuna ng'oma yosatopa. M'chaka cha 1980 kampani ya Roland ya ku Japan, imene Ikutaro Kakehashi anaiyambitsa mu 1972, inatulutsa makina otchedwa TR-808. Oimba a nthawiyo anawanyoza kuti sakumveka ngati ng'oma yeniyeni, moti kampaniyo inangopanga pafupifupi 12,000 n'kusiya mu 1983. Chaka chomwecho cha 1980, Roger Linn wa ku America anatulutsa LM-1, makina amene munali mawu a ng'oma zenizeni ochita kujambula, koma mtengo wake unali pafupifupi madola 5,000. Chodabwitsa n'chakuti onyozedwa aja ndiwo anapambana. Atatsika mtengo m'masitolo a katundu wogwiritsidwapo kale ntchito, achinyamata osauka a m'mizinda ya ku America anawatola, ndipo kugunda kwake kwa besi kuja kunasanduka msana wa nyimbo za hip hop mpaka lero.

Kuti makinawa afike m'makutu mwathu anadzera njira ziwiri. Yoyamba ndi ya ku Jamaica. Mu 1985 Wayne Smith ndi wojambula nyimbo King Jammy anatulutsa nyimbo ya Under Mi Sleng Teng, imene mayendedwe ake anachokera m'kakiyibodi kotchipa ka Casio MT-40. Kuyambira pamenepo oimba reggae anadziwa kuti n'zotheka kujambula chimbale popanda bandi. Njira yachiwiri ndi ya ku Joni. Nyimbo za Brenda Fassie, Yvonne Chaka Chaka ndi Chicco Twala, zimene zinkalira m'mabasi ndi m'malo omwera mu Limbe ndi mu Blantyre kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, zinali zodzaza ndi makiyibodi ndi ng'oma za makina.

Kwathu kuno makinawa sanabwere kwenikweni ngati kabokosi kapadera. Anabisala m'mimba mwa kiyibodi. Ndipo anafika pa nthawi yake, chifukwa riferendamu ya pa 14 June 1993 ndi chisankho cha mu 1994 zinamasula milomo ya anthu, ndipo aliyense anali ndi choti anene. Ku Balaka, Paul Banda wa Alleluya Band anali ndi situdiyo ya Imbirani Yahwe, kumene oimba ambiri anajambulirako, ndipo mng'ono wake Lucius Banda, amene anatisiya mu 2024, anatchuka ndi chimbale cha Son of a Poor Man. Makaseti ankagulitsidwa kwa O.G. Issa ku Limbe, mavenda n'kuwamwaza dziko lonse. Mnyamata wochokera kumudzi, wopanda ngakhale gitala, ankatha kulowa mu situdiyo ndi mawu ake okha, wa kiyibodi n'kumuikira ng'oma, besi ndi malipenga, madzulo n'kutuluka ndi nyimbo.

Ndikukumbukira situdiyo ina imene inali m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba ina kuno ku Chimwankhunda, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. M'makoma anakhomamo matileyi a mazira ndi mabulangete. Munali kiyibodi imodzi, maikolofoni imodzi, ndipo kenako munabwera kompyuta yokhala ndi pulogalamu ya FruityLoops. Pakhonde pankakhala makwaya ochokera ku Zingwangwa, ku Chilobwe ndi ku Manja, amayi atavala yunifolomu, kudikira nthawi yawo. Ambiri mwa anthu amenewo sakanaponda pa khomo la situdiyo zikanakhala kuti pakufunika bandi yathunthu. Apa ndiye mwambi uja unapherezera, wakuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.

Komatu kalumo kakuthwa kamathanso kucheka mwini ndevu. Oyamba kuchekedwa anali oimba ng'oma. M'matchalitchi ambiri, kumene kale kunkamveka ng'oma ndi maseche, mnyamata wa kiyibodi anayamba kungodina batani limodzi, mpingo wonse n'kumathamangira liwiro la makina. Pa maukwati, bandi ya anthu asanu ndi awiri inalowedwa m'malo ndi munthu mmodzi. Chachiwiri chimene chinachekedwa n'chobisika, koma kwa ine ndicho chachikulu. TR-808 ili ndi mabatani 16 ondandalika, ndipo mapulogalamu ambiri a pakompyuta anatengera kawerengedwe komweko, ka panayipanayi. Magule athu ambiri, monga manganje, amayenda patatupatatu, kugunda 12 pa mzungulire umodzi. N'zotheka kuwauza makinawo kuti awerenge 12, koma pamafunika munthu amene guleyo ali m'magazi mwake. Wosadziwa amangotenga zimene wapeza m'mimba mwa kiyibodi, ndipo n'chifukwa chake zimbale zambiri za nthawi imeneyo zinkafanana ngati ana a mimba imodzi.

Apa mpamene sampler imasiyana ndi mkulu wake. Drum machine imabwera ndi mawu ake, pomwe sampler imabwera ndi mimba yopanda kanthu. Umaijambulitsa kamawu kalikonse, n'kukadula, n'kukaika pa batani, ndipo ukamenya batanilo ndi chala kamawuko kamalira. Mu 1988 kampani ya Akai, mothandizana ndi Roger Linn yemwe uja, inatulutsa MPC60 yokhala ndi mabatani 16 a mphira omenya ndi zala. Wojambula nyimbo wa ku Detroit, J Dilla, amene anamwalira mu 2006, anatchuka chifukwa chokana kuti makina aziwongola kamenyedwe kake. Ankalola kuti kugunda kwina kuchedwe pang'ono, kwina kufulumire, monga amachitira munthu wamoyo. MPC yake ikusungidwa ku nyumba ya mbiri ya anthu akuda ku Washington. Zimene anthu anazizwa nazo mwa iye, wa mbalule wa ku Dedza amazichita pa dambwe lililonse.

Masiku ano makinawa achepa msinkhu. Roland SP-404, imene inatuluka mu 2005, imayendera mabatire wamba, ndipo MPC Live ya mu 2017 ili ndi batire lotchaja ndipo sifuna kompyuta. Ena ndi aang'ono ngati foni ya m'manja. Kwa ife amene timadziwa kukhala mumdima magetsi akazima, imeneyi si nkhani yaing'ono. Koposa apo, makina onyamula m'chikwama akhoza kukwera minibasi kupita ku Mulanje kukamva tchopa, kapena ku Rumphi kukamva vimbuza, magule amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha anthu a dziko lonse pamodzi ndi gule wamkulu.

Nkhokwe yodyetsa makinawa tili nayo. Hugh Tracey anajambula oimba a m'midzi ya Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, ndipo zojambulazo zikusungidwa ku International Library of African Music ku South Africa. MBC inajambula oimba athu kwa zaka zambiri kuyambira mu 1964. Ndipo m'midzimu akadalipo akuluakulu odziwa kukunga ndi kuimba ng'oma. Koma wokolola m'munda wa mwini amayamba waodira. Mnyamata amene watenga kamawu ka banjo ya Namoko, kapena kulira kwa ng'oma ya gogo wina wa ku Thyolo, atchule dzina la mwini wake ndipo ampatse gawo lake. Bungwe la COSOMA linakhazikitsidwa mu 1992 kuti liziteteza zinthu ngati zimenezi.

Makina oyamba aja anatipatsa mwayi woyankhula, koma anatibwereka kayendedwe ka eni ake. Atsopanowa akudikira kuti tiwaphunzitse kathu. Aphunzitsi ake ndi okalamba, ndipo chaka chilichonse tikuika m'manda ena mwa iwo pamodzi ndi zimene zinali m'manja mwawo.