Milatho ya pa Njira ya ku Halale

M'lipoti la chaka chino tapatsidwa malo oti tikumbutsane za milatho imene makolo athu ankaolokapo popita kukafuna ntchito kumwera. Ambiri a ife tili ndi agogo amene anayenda njira imeneyo, ena osabwerakonso, amene timawatcha matchona.

Kale munthu wochoka kuno ankaopa mitsinje kuposa mtunda. Luangwa, Zambezi, Sabi ndi Limpopo ikadzaza nthawi ya dzinja, aulendo ankagona patsidya masiku ambiri kudikira bwato, kamba nʼkutha, ng'ona nazo zili tcheru.

Chuma chimene chinasintha zimenezi chinali cha Alfred Beit, amene analemera ndi dayamondi wa ku Kimberley ndi golide wa ku Joni. Pomwalira mu 1906 anasiya ndalama zoti zikonze mayendedwe m'maiko a Rhodesia, ndipo oyang'anira chumacho, a Beit Trust, anamanga mlatho pa Limpopo mu 1929. Ena amachitcha chifundo. Ife tinganene kuti thukuta la anthu akuda a m'migodi linabwerera pang'ono ngati chitsulo chopondapo ana awo.

Wokongola koposa ndi Birchenough, pa Sabi, wotsegulidwa mu 1935. Ndi uta umodzi wachitsulo wa mamita 329, wopanda mzati m'madzi, kotero kuti chigumula chimangodutsa pansi osapeza chogunda. Pa nthawiyo unali wachitatu pa dziko lonse mwa milatho ya mtundu umenewu. Anaulemba ndi Ralph Freeman, yemwe anagwiranso ntchito pa mlatho waukulu wa ku Sydney. Phulusa la Sir Henry Birchenough, wapampando wa Beit Trust, linaikidwa mu mlatho momwemo; manda achilendo ndithu kwa ife amene timaika akufa athu kumsitu.

Freeman yemweyo analemba mlatho wa Otto Beit pa Chirundu, wotsegulidwa mu 1939. Umenewu ngwolenjekeka pa zingwe zachitsulo, ndipo unafupikitsa njira ya pakati pa Lusaka ndi Salisbury. Magalimoto atakula, unayamba kuchepa: malole olemera ankaoloka imodzi imodzi, ena ali pamzere, mpaka wachiwiri unamangidwa pambali pake mu 2002 ndi thandizo la Japan.

Koma taonani, abale, kuti njira ya ambiri a ku Nyasaland, yodzera ku Mwanza ndi Tete, inali m'dziko la Apwitikizi, kumene chuma cha Beit sichinkafika. Pamenepo anthu anapitiriza kuoloka Zambezi pa pantoni kufikira 1973, pamene unatha mlatho wolembedwa ndi Edgar Cardoso, umene lero umatchedwa Samora Machel. Pofika chaka chimenecho, ambiri mwa amene anavutika padooko paja anali atakalamba kale.