Mkamwini amene sanaterereke

Ana anga, inu agogo anu aamuna munawapeza atakalamba kale, akuyenda ndi ndodo, tsiku lonse ali pamthunzi kusema mipini. Ndiye patsiku la maliro awo, mfumu itaimirira n'kunena kuti mudzi wataya mzati, ena mwa inu munkaganiza kuti ndi mawu a pamaliro chabe. Khalani pansi ndikuuzeni chimene mfumu inkakumbukira, poti ine bambo angawo ndinawaona ali ndi mphamvu zawo.

Iwo sanali a mudzi uno. Anabwera kudzakhala chikamwini kuno kwa amayi, monga mwa mwambo wathu, ndipo mkamwini masiku amenewo analibe mawu. Munda unali wa akuchikazi, ana anali a mbumba ya amalume awo, iye chake chinali khasu ndi thukuta basi. Akuluakulu ankati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndipo sankanama, chifukwa ambiri ankati akakangana pang'ono ndi apongozi, m'mawa kukacha mphasa apinda. Ena ankalembetsa Wenela kupita ku migodi ya ku Joni, ena ku Salisbury, n'kusanduka matchona osatumiza ngakhale kalata.

Tsono chinafika chaka cha 1949, nthawi ya bwanamkubwa Geoffrey Colby. Mvula inagwa poyamba, anthu n'kubzala, kenaka inadula pamene chimanga chinkaifuna kwambiri, dzuwa n'kuwotcha minda kuyambira kuno ku Lunzu mpaka ku Lirangwe ndi midzi yonse yozungulira Blantyre. Nkhokwe zitatha tinayamba kudya madeya, madeya atatha amayi ankakumba zitsa za nthochi n'kuzisinja, komanso mpama wa kutchire umene umafunika kuuphika ndi kuutaya madzi kambirimbiri, ukaufulumirira umakupweteka. Boma linatsegula malo ogawira chakudya, koma mizere inali yaitali ndipo chimene munthu ankabwera nacho sichinkakwana banja. Apa m'pamene maukwati ambiri anathera. Mwamuna ankangoti ndikukafuna chakudya kwathu, ndipo ulendo unali womwewo. Ine sindiwaweruza onse, njala imachotsa munthu nzeru, koma akazi amene anasiyidwa ndi ana chaka chimenecho sanaiwale mpaka kumwalira kwawo.

Bambo nawonso ananyamuka, ndipo anthu ankawanong'oneza amayi kuti mwamuna wanu mwamuona komaliza. Anatenga mbuzi imodzi imene inatsala ndi nsalu ya amayi, n'kulowera ku Matope, kuwoloka Shire pamene aliyense ankaopa ng'ona, n'kukwera mapiri a ku Ntcheu kwa Angoni kumene chimanga chinachitako bwino. Ankayenda m'magulu, poopa mikango ndi anthu olanda akatundu panjira, usiku n'kumagona mozungulira moto. Kumeneko anasinthanitsa mbuzi ija, anagwiranso ganyu, ndipo chimene anapeza anachisenza pamutu ulendo wonse wobwerera, iwo akungotafuna timaso tochepa tokazinga kuti thumba lisachepe. Anafika mapazi atang'ambika, khosi litauma. Atapuma pang'ono anabwereranso.

Chimene mfumu inkakumbukira kwenikweni n'chakuti thumba lija silinalowe m'nyumba mwathu mokha. Analitula pakhomo pa apongozi awo, omwe aja ankawanena kuti salima mokwanira, ndipo anauza amayi kuti agawireko ang'ono awo amene mwamuna anawathawa. Ana a m'nyumba imeneyo, amene inu lero mumawatchula kuti azakhali ndi amalume, anapulumuka ndi phala la m'thumba limenelo.

Zaka zotsatira anakhala munthu wosachuluka mawu. Msonkho ankalipira, denga ankafolera mvula isanagwe, fizi ya sukulu ankaipeza pogulitsa mipini ndi mitanga, ngakhale kuti pamwambo udindo umenewo akanatha kuukankhira kwa amalume athu. Amayi atadwala matenda awo otsiriza, iwo ankawaphikira okha phala, osasamala amuna anzawo amene ankawaseka. Ndipo amayi atatisiya, akuchikazi atawasudzula monga mwa mwambo kuti ali omasuka kubwerera kwawo, anapempha kuti akhalebe pafupi ndi ana. Palibe anakana.

N'chifukwa chake munaona mkangano uja usiku wa pasiwa. Abale awo anabwera kudzatenga thupi, pakuti mkamwini amakagona kumanda a kwawo, ndipo anali ndi ufulu wonse. Koma eni mbumba a kuno anagwada pamaso pawo n'kupempha kuti munthuyu atisiyire, ndi wathu, anatisunga. Anakambirana mpaka tambala woyamba, azimayi akuimba nyimbo m'nyumba, amuna ali pamoto panja. Potsiriza wamkulu wa kwawo anavomera, n'kungopempha kuti pa tsiku la kumeta ndi pa mowa wa chikumbutso mabanja onse awiri adzakhalire limodzi. Adzukulu anapita kukakumba m'mamawa pafupi ndi manda a amayi, ndipo chaka chitatha abale awo anabweradi ndi chimera chawo ndi mbuzi, ife tinapereka nkhuni ndi ufa, mowa unaphikidwa pabwalo la mfumu.